Botolo Limodzi Patsiku: Chizolowezi Kapena Chingwe?

 

Sabata yatha ndinalandira uthenga pa foni kuchokera kwa mayi wina. Dzina sinditchula, anapempha okha. Akuti: "Abusa, amuna anga amamwa botolo limodzi la mowa tsiku lililonse akaweruka kuntchito. Saledzera, sandimenya, ya ndiwo amasiya. Ndikawafunsa amati, 'Amake mwana, ichi n'chizolowezi chabe, ngati mmene inu mumamwera tiyi.' Kodi abusa, amuna angawa ndi chidakwa, kapena wovuta ndine?"

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa. Ndipo inu bambo, mwina mukumvera pompano, chonde musatseke wailesi. Sindikutchulani chidakwa ayi. Mawu amenewa ndi amene amatinamiza. Ife tikamva kuti chidakwa timaona munthu wogona m'ngalande, nsapato imodzi itasowa, ana akumuwowoza. Ndiye aliyense amene amafika kunyumba akuyenda bwinobwino amati, "Ine zimenezo sizikundikhudza."

Ndikudziwanso mavesi amene mwakonzeka kundiponyera. Munena za ukwati wa ku Kana. Munena za Paulo amene analangiza Timoteo kumwako vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba. Pamene mpingo wathu umaima mukupadziwa, timaphunzitsa kusamwa. Koma mtsutso umenewo tiusiye kaye lero. Titsegule 1 Akorinto 6 ndime 12. Akhristu a ku Korinto ankanyadira kuti iwo ndi mfulu, palibe chowaletsa. Paulo sanayambe ndi kuwawerengera malamulo. Anawauza kuti chinthu chikhoza kukhala chololedwa koma chopanda phindu, ndipo kuti iyeyo sangalole kanthu kalikonse kumukhalira bwana. Funso la Paulo ndi limene ndabwera nalo: pakati pa inu ndi botolo, bwana ndani?

Nthawi ya dzinja, chimanga chikamera, kumudzi timamanga mbuzi pachikhomo kuti zisalowe m'minda ya anthu. Mukaipatsa chingwe chachitali, msipu uli pompo, mbuzi ija imadya mosangalala tsiku lonse. Mutaifunsa ingakuuzeni kuti, "Ine sindinamangidwe, ndimangokonda kudyera pano." Imadziwa liti kuti ili pachingwe? Pamene yafuna kupita patali. Mwamva? Chingwe sichimveka pakhosi mpaka tsiku limene wafuna kuchoka.

Ine chingwe changa ndinachimva m'chipatala. Ndisanapulumutsidwe ndinali telala, ndinkasoka pakhonde la sitolo. Ikakwana 5 koloko ndinkatseka makina, n'kudutsira kwa mayi wina wotcheza kachasu, kapu imodzi, basi ulendo wa kunyumba. Zaka 6 ndikuchita zimenezi. Palibe anandionapo ndikudzandira. Makasitomala ankanditama kuti ndine munthu wodzisunga.

Ndiye mwana wathu wamkazi, ali ndi zaka zitatu, anadwala malungo aakulu, n'kugonekedwa. Tsiku lachiwiri mayi akunyumba anati, "Bambo ake, ndikaphike phala ndibwerenso. Musachoke, muziyang'ana diripiyi." Ndinakhala bwinobwino. Koma dzuwa litapendeka, m'thupi munayamba kusowa mtendere. Kukhala pansi kukanika, kukhosi gwa, maso ali pa wotchi. Ndinauza mayi wa bedi loyandikana kuti, "Mayi, mundiyang'anireko mwanayu, ndikupita kuseriku." Bodza. Ndinatuluka pageti, n'kuyenda mtunda wautali kufunafuna kapu yanga ija.

Pobwerera ndinapeza bedi lili lokha. Mwana anali atakomoka, anamwino atathamanga naye kuchipinda china. Mayi akunyumba anali chiimire, kontena ya phala ili m'manja. Sanakalipe. Anangondiyandikira, n'kumva fungo. "Mwamwa?" Ine ndinati, "Kamodzi kokha." Iwo anati, "Ndikudziwa kuti n'kamodzi. Kamodziko n'kamene kaposa mwana wanu."

Mulungu ndi wachifundo, mwana uja anachira, lero ndi mayi wa ana ake. Aleluya! Koma usiku umenewo ndinadziwa kuti chimene ndinkachitcha chizolowezi chinali chingwe. Tiyi sangakuchotse pabedi la mwana wodwala.

Tsono tinene zoona, chifukwa guwa si malo okokomeza nkhani. Sikuti aliyense womwa tsiku ndi tsiku thupi lake lagwidwa kale ukapolo. Alipo amene chikadali chizolowezi: akapita kumaliro masiku atatu osamwa, sakumbukira n'komwe. Ngakhale achipatala sangoyang'ana kuchuluka kwa mabotolo pokha. Amayang'ana zimene mowa ukuchita ndi munthuyo. Pali mafunso anayi amene madokotala m'maiko ambiri amafunsa, ndipo ndikufuna muwayankhe mumtima, mayi asamve.

Loyamba: munayamba mwaganizapo kuti muchepetse? Lachiwiri: wina akanena za kamwedwe kanu, mumapsa mtima? Lachitatu: munayamba mwadzimvapo wolakwa chifukwa cha mowa? Lachinayi: munayamba mwamwapo m'mawa kuti muchotse matsire kapena kuti manja aleke kunjenjemera? Mukavomera awiri mwa anayiwa, achipatala amati nkhani yanu ndi yofunika kuiunika bwino.

Ine ndiwonjezerepo anga a ubusa. Botolo limene munayamba nalo, likukupatsanibe zimene linkakupatsani kale, kapena tsopano mumasankha mowa waukali kuti muzinenabe kuti n'limodzi? Thupi limazolowera, abale, limafuna wochuluka kuti limve chimodzimodzi. Tsiku limene mulibe ndalama, mumagona osamwa kapena mumalembetsa ngongole? Alendo akabwera nthawi yanu ija, mumasangalala nawo kapena mumalakalaka atanyamuka? Ana anu amadziwa kuti abambo asanamwe sayankhulitsidwa?

Ndipo inu amene mwapambana mafunso onsewa, musafulumire kuwomba m'manja. Akuluakulu anati chizolowezi cha namkholowa chidazulitsa mbatata. Amayamba n'kuthyola masamba okha. Palibe kapolo wa mowa amene anayamba ndi kireti. Tonse tinayamba ndi kamodzi. Tiyeni tiwerenge: botolo limodzi patsiku ndi mabotolo 365 pachaka. Pa kireti ya mabotolo 20, amenewo ndi makireti 18 ndi mabotolo 5 pamwamba. Atabwera nawo pa lole tsiku limodzi, n'kuwatsitsa pabwalo panu apongozi akuona, mungati n'kamodzi? Mtengo wake muwerengere nokha, muone matumba a feteleza amene adutsa kukhosi.

Mukukumbukira masacheti aja? Timapepala ting'onoting'ono tokwana m'thumba la malaya, totsika mtengo. Aliyense ankati n'kakang'ono. Ana asukulu ankamwa, madalaivala ankamwa ali pa chiwongolero, mpaka boma linawaletsa mu 2015. Anzathu a ku Zambia, kumene ankawatcha tujilijili, anali ataletsa kale mu 2012. Kuchepa kwa kapu sikuchepetsa mphamvu ya chingwe. Ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena poyera mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tingati ulibe chiopsezo pa thanzi la munthu. Chiwindi chimene chimasefa mowa tsiku ndi tsiku sichilandira tchuthi. Mowa umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa inu amene muli pa mankhwala a TB, mukuchisenzetsa chiwindi katundu wawiri.

Nanga tichite chiyani? Titsegule Danieli chaputala 1. Danieli ndi anzake atatu ali ku Babulo anakana chakudya ndi vinyo wa mfumu. Woyang'anira anachita mantha kuti anyamatawa awonda. Danieli sanachite naye makani. Anangopempha kuti awayese masiku 10 ndi zamasamba ndi madzi, kenako aone yekha. Bambo, inunso lekani kukangana ndi mayi. Mukuti n'chizolowezi? Chabwino. Tiyeni tikoke chingwe tione. Masiku 10, kuyambira mawa, osalawa. Ikakwana nthawi yanu ija, dzerani njira ina, bwerani kunyumba, khalani ndi ana, tsegulani Baibulo. Mukadutsa masiku 10 mtima uli m'malo, thokozani Mulungu, ndipo dzifunseni chifukwa chobwererako. Koma mukaona kuti tsiku lachitatu mwapeza kale chifukwa, mwakumana ndi mnzanu wakale, mwatopa kwambiri, abwana anakulankhulani moipa, musadzinamizenso. Mwafika pothera chingwe.

Apa mvetserani bwino, chifukwa pali moyo wa munthu. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi muli nokha. Thupi lozolowera mowa likausowa limatha kuyamba kunjenjemera pasanathe tsiku, thukuta kamukamu, kusanza, kusowa tulo. Ena amakomoka ngati wa khunyu. Ena pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amasokonezeka mutu, n'kumaona zinthu zoti palibe, ndipo munthu akhoza kufa nazo. Abale a mapemphero, mukaona zimenezi musamutsekere munthu m'chipinda kuti mukutulutsa chiwanda usiku wonse. Pempherani muli pa ulendo wa kuchipatala. Kuli mankhwala othandiza thupi kudutsa masiku amenewa. Yambirani pachipatala cha kwanuko, muwauze zoona za kamwedwe kanu. Kulinso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza anthu ofuna kusiya mowa. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Pemphero ndi chipatala si adani. Amen?

Inu mayi amene munalemba, simukuvuta ayi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma sankhani nthawi. Musayambe nkhaniyi bambo atangomwa kumene, kapena pamaso pa ana. Lankhulani m'mawa, mwaulemu, munene zimene mukuona ndi zimene mukuopa. Musawabisire kwa abale ngati zinthu zikukula, komanso musawalengeze pa umboni kutchalitchi.

Ndipo ife ampingo tilape. Munthu akabwera kutsogolo kuti akufuna kusiya mowa timaimba, timavina, Lolemba tamuiwala. Koma nkhondo yake sichitika Lamulungu m'mawa. Imachitika Lachitatu 5 koloko, ali yekha panjira, fungo likumuitana. Ine amene anandithandiza ndi mkulu wampingo wina wokalamba. Miyezi itatu ankabwera pakhonde paja nthawi yoweruka, n'kundiperekeza mpaka pakhomo, tikucheza za mpira ndi za Yesu. Ndinagwapo kawiri. Sananditaye. Mawa lake anabweranso. Kodi mumpingo mwanu muli munthu amene angayende ndi mnzake 5 koloko?

Yesu, pa Yohane chaputala 8, analankhula ndi anthu amene ankakana kwamtuwagalu kuti sanakhalepo akapolo a munthu. Iye anawaonetsa kuti tchimo limagwira munthu ukapolo, ndipo kuti ufulu weniweni amapereka ndi Mwana wa Mulungu. Koma womasulidwa ndi amene wavomera kuti wamangidwa.

Tiyeni tipemphere. Ikani dzanja pamtima.

Atate wakumwamba, mukumudziwa bambo uyu, mukumudziwa mayi uyu, mukumudziwa mnyamata amene akumvera botolo lili m'manja. Apatseni kulimba mtima koti anene zoona. Amene chikadali chizolowezi, achotseni chisanasanduke chingwe. Amene amangidwa kale, dulani chingwecho m'dzina la Yesu, muwatsogolere kwa anthu owathandiza, muchiritse matupi awo ndi mabanja awo. Mzimu Woyera, dzazani malo amene botolo linkakhala. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.

Bambo, masiku 10 ayamba mawa. Mudzandilembere zimene mwapeza, zabwino kapena zovuta, tidzapemphera limodzi. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Ambuye akudalitseni.