Mbeu ya ku Pugu

Mau a Mulungu: 1 Akorinto 3:5-9

M'mau amene tawerengawa Paulo adzudzula Akristu a ku Korinto popeza anagawikana, ena nakhala a Paulo, ena a Apolo. Awakumbutsa kuti wobzala ndi wothirira ali anchito cabe, ndi kuti mundawo uli ndi Mwini wace. Kuti mau amenewa atilowe m'mtima, ndifuna kukuuzani mbiri ya sukulu ina ya abale athu a Katolika, imene lero siilinso m'manja mwao.

Ku dziko la Tanganyika, limene tsopano lichedwa Tanzania, kuli mapiri a Pugu, pafupi ndi mzinda wa Dar es Salaam. Kumeneko kunafika amishoni a Benedikto ocokera ku Germany m'caka ca 1888, namangako mudzi wao woyamba m'dziko lija. Koma sanakhalitse. Mu January 1889, pa nkhondo ya Abushiri, imene anthu a ku gombe la nyanja anaukira Ajeremani, mudziwo unapasulidwa, ndipo amishoni atatu anaphedwa, amuna awiri ndi mkazi mmodzi. Munthu wopita pamenepo masiku aja akadati, Nchito yathera pano.

Zitapita zaka zoposa 50, Mpingo wa Katolika unatsegula ku Pugu komweko sukulu yaikulu ya anyamata, dzina lace St Francis College, ndipo oiyang'anira anali ansembe a Mzimu Woyera. M'caka ca 1953 kunabwera mphunzitsi wacinyamata, Julius Nyerere, amene anali atatsiriza maphunziro ace ku Edinburgh. Anaphunzitsa mbiri yakale, Cingelezi ndi Ciswahili. Koma mtima wace unalinso pa ufulu wa dziko lace. Pa 7 July 1954 iye ndi anzace anayambitsa cipani ca TANU, ndipo mu March 1955 anapita ku New York kukanenera anthu a kwao pamaso pa bungwe la United Nations. Pobwerako anauzidwa kuti asankhe cimodzi, coko kapena ndale. Anatula coko pansi, nacoka.

Cakudza sicimba ng'oma. Pa 9 December 1961 Tanganyika analandira ufulu, ndipo wotsogolera boma anali mphunzitsi yemwe uja. M'caka ca 1969 boma lace linakhazikitsa lamulo lotenga masukulu a mishoni, kuti mwana ali yense, Mkristu kapena Msilamu, alowe pa khomo limodzi. Sukulu ya ku Pugu inatengedwanso. Dzina la Francisko linacotsedwa, nikhala Pugu Secondary School, sukulu ya boma kufikira lero. Ndipo wocita zimenezi sanali mdani wa Mpingo iai. Anakhala Mkatolika wokhulupirika kufikira imfa yace mu 1999.

Kodi muyesa kuti sikuwawa kutula nchito imene unakhetsera thukuta? Kuwawa ndithu. Koma funsani, Kodi mbeu inatayika? Mmodzi wa anyamata ophunzira pa sukuluyo, Benjamin Mkapa, anakhala pulezidenti wa Tanzania kuyambira 1995 kufikira 2005. Ndipo Nyerere, angakhale anasiya coko, anthu a kwao sanaleke kumchula Mwalimu, ndiko kunena Mphunzitsi.

Tsono tiphunzirepo zitatu.

Coyamba, sukulu si yathu. Njerwa tiumba ndife, udzu timweta ndife, koma ana ali a Mulungu. Iwe mphunzitsi amene unayamba ndi ana pansi pa mtengo, ndipo tsopano uopa kuti akusuntha, nadzakolola wina pamene unalima iwe, cotsa nsanje mumtima mwako. Mwini munda adziwa amene anagwira khasu.

Caciwiri, sitidziwa amene akhala pamaso pathu. Akuru a sukulu ya ku Pugu sanadziwe kuti mphunzitsi wocoka pakhomo pao adzagwira tsiku lina mphamvu pa sukulu yao yomweyo. Cifukwa cace musapeputse mwana wobvala sanza wokhala kumbuyo, musanyoze mnzanu wamng'ono pa nchito. Akuru anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye.

Cacitatu, bzalani cimene lamulo silingacotse. Dzina la pa cikwangwani lifafanizika m'tsiku limodzi, nyumba isintha eni ace, koma coonadi, cilungamo ndi kuopa Mulungu, zikalowa mwa mwana, apita nazo kuli konse. Ngati taphunzitsa ana kukonda dzina la mishoni yathu kokha, tidzalira tsiku locotsedwa dzinalo. Ngati tawaphunzitsa kukonda Kristu ndi anansi ao, palibe cimene titaya.

Abale, mawa m'mamawa belu lidzalira, ndipo ana adzafika ndi mame kumapazi. Alandireni monga anchito odziwa kuti nthawi yao iri yowerengeka. Bzalani, thirirani, ndipo pakudza tsiku lakuti mutule khasu, mulitule ndi mtendere. Mulungu amene anameretsa mbeu pa bwinja la ku Pugu sadzaiwala kamunda ka kwanu. Amen.