Uta wa Arjuna: Chiphunzitso cha Ahindu pa Chisoni, Ulemu ndi Kudzipereka

Nkhani ya lero ichokera ku India, dziko limene anthu ake ambiri amatsata chipembedzo cha Chihindu. Ena mwa Amwenye okhala m'dziko muno ndi a chipembedzo chomwechi. Funso limene nkhaniyi ifuna kulondola ndi ili: kodi munthu amene waferedwa, kapena amene wachititsidwa manyazi pamaso pa anthu, angadzuke bwanji m'mawa ndi kukagwiranso ntchito yake? Ahindu ali nalo yankho lawo, ndipo lipezeka makamaka m'buku lotchedwa Bhagavad Gita.

Bukuli ndi laling'ono. Lili ndi mitu 18 ndi ndime 700, ndipo lidalembedwa m'chinenero chakale cha Sanskrit. Ndi kachigawo chabe ka ndakatulo yaitali ya Mahabharata, yosimba nkhondo ya pachibale yolimbirana ufumu. Ana a Pandu ndi ana a Dhritarashtra, amene atate awo adali munthu ndi mbale wake, adandanda ndi ankhondo awo pa chigwa cha Kurukshetra kumpoto kwa India. Nkhondo ili pafupi kuyamba, Arjuna, katswiri wa uta mwa ana a Pandu, adapempha woyendetsa galeta lake kuti amuimike pakati pa magulu awiriwo. Woyendetsayo adali Krishna, amene Ahindu amakhulupirira kuti ndi Mulungu wooneka m'thupi la munthu.

Atakweza maso, Arjuna sadaone adani. Adaona agogo ake a Bhishma amene adamulera, a Drona amene adamuphunzitsa kugwira uta, amalume, alamu ndi abale ena. Nkhongono zidamuthera, kukamwa kudauma, uta udapulumuka m'manja mwake, ndipo adakhala pansi m'galetamo nanena kuti samenya nkhondo. Mutu woyamba wa bukuli umadziwika ndi dzina la chisoni cha Arjuna. Potero Ahindu amaona kuti chiphunzitso chonse chidayambira pa misozi ya munthu wamphamvu.

Pa za chisoni, Krishna adaphunzitsa kuti mwa munthu aliyense muli chinthu chimene sichibadwa ndipo sichifa, chotchedwa atman. Chimenechi chimasiya thupi lokalamba monga munthu asiya chovala chakutha. Zokoma ndi zowawa zimabwera ndi kupita monga nyengo yachisanu ndi yotentha, ndipo munthu ayenera kuzipirira. Chikhulupiriro chimenechi chimaoneka pa maliro a Ahindu. Mtembo amautentha, phulusa nkulithira mumtsinje, makamaka wa Ganges ngati kuli kotheka. M'mabanja ambiri oferedwa amakhala m'nyumba ya maliro masiku 13, abale nkumabwera kudzawapepesa, kenaka aliyense amabwerera ku ntchito yake. Kulira kuli ndi malo ake, komanso kuli ndi malire ake.

Pa za ulemu, bukuli liyenda masitepe awiri. Poyamba Krishna adamulasa Arjuna ndi mawu a manyazi. Adamukumbutsa kuti akathawa, anthu adzamunena kosaleka, ndipo kwa munthu wolemekezeka mbiri yoipa iposa imfa kuwawa. Mawu amenewa ali m'mutu wachiwiri, koma Arjuna sadatole uta wake. Kukambirana kudapitirira mitu ina 16. Kuopa pakamwa pa anthu sikuchiritsa mtima wosweka. Pofika m'mutu wa 12 chiphunzitso chakwera: munthu wokondedwa ndi Mulungu ndiye amene sasintha, kaya amulemekeze kaya amunyoze, kaya amuyamikire kaya amudzudzule.

Chimene chimamuimika munthu wotere ndi dharma, ndiye kuti udindo umene wamugwera pa malo amene ali. Gawo la munthu ndi kugwira ntchito. Zipatso za ntchitoyo sizili m'manja mwake. Mlimi amalima ndi kubzala pa nthawi yake, koma mvula sailamula. Namwino amasamala wodwala usiku wonse, koma moyo saugwira ndi manja. Mphunzitsi amaphunzitsa ndi mtima wonse ngakhale makolo asamuthokoze. Amene amagwira ntchito kaamba ka chiyamikiro amagwa mphwayi tsiku limene chiyamikirocho chatha, koma amene amaigwira chifukwa ndi yoyenera alibe chimene anthu angamulande.

Nanga mphamvu yochitira zimenezi ichokera kuti? Apa ndi pamene pabwera bhakti, kudzipereka kwa Mulungu mwa chikondi. Bukuli liphunzitsa kuti Mulungu amalandira ngakhale tsamba, duwa, chipatso kapena madzi, malinga zaperekedwa ndi mtima woona, ndiponso kuti chilichonse chimene munthu achita kapena kudya angathe kuchipereka kwa iye. Nchifukwa chake m'nyumba zambiri za Ahindu muli kamalo kopemphererapo. M'mawa amayatsapo kanyale, kuikapo maluwa ndi chakudya pang'ono, ndipo chakudyacho, chotchedwa prasad, amagawana onse a m'banjamo. Ntchito yoperekedwa motere sikhalanso ya mwini wake yekha. Ikalephera sataya mtima, ikayenda bwino sadzitukumula.

Si onse ku India amene adalilandira bukuli ndi manja awiri. B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa anthu amene ankayesedwa osakhudzika, adalitsutsa kuti limateteza mwambo wogawa anthu m'magulu apamwamba ndi apansi malinga ndi kubadwa. Ena adafunsa kuti buku lopatulika lingatume bwanji munthu kukapha abale ake.

Mohandas Gandhi, amene adakana chiwawa moyo wake wonse, adayankha kuti Kurukshetra weniweni ali mumtima mwa munthu, mmene chabwino ndi choipa zimalimbana tsiku ndi tsiku. Iye adaliwerenga koyamba bukuli ku London, kumene adapita mu 1888 kukaphunzira zamalamulo, ndipo mu 1930 adalitulutsa m'chinenero cha kwawo cha Gujarati. Manyazi adawadziwa: mu 1893 adamutsitsa m'sitima pa Pietermaritzburg ku South Africa chifukwa cha khungu lake. Sadafooke, koma adapitiriza kumenyera ufulu wa Amwenye anzake m'dzikomo mpaka 1914.

Chisoni nacho adachidziwa. Ali m'ndende ya Aga Khan Palace ku Pune, mlembi wake wokhulupirika, Mahadev Desai, adamwalira pa 15 Ogasiti 1942. Pa 22 Febuluwale 1944, m'ndende momwemo, adamwaliranso mkazi wake Kasturba, amene adakhala naye m'banja zaka zoposa 60. Gandhi adamasulidwa mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pofika Sepitembala adali ku Bombay kukambirana ndi Muhammad Ali Jinnah za tsogolo la India. Pa mapemphero ake a madzulo ankawerenga ndime zotsiriza za mutu wachiwiri, zofotokoza munthu wa mtima wokhazikika. Adaphedwa ku New Delhi pa 30 Januwale 1948 akupita ku mapemphero omwewo.

Kumapeto kwa bukuli Krishna sadamukakamize Arjuna. Adamuuza kuti alingalire zonse zimene wamva, achite monga wafunira. Arjuna adayankha kuti kukayika kwamuchoka, ndipo adanyamukanso. A Bhishma ndi a Drona adali akadali kutsidya, ndipo chikondi chake pa iwo sichidathe. Chimene chidasintha ndi chakuti chisoni ndi manyazi sizidalinso kumulamula. Malinga ndi chiphunzitso cha Ahindu, mwayi womwewo uli ndi wamasiye amene abwerera kumunda maliro atatha, ndiponso munthu wonyozedwa amene atsekula sitolo yake m'mawa monga mwa masiku onse.