Mpiru, Adyo ndi Khansa ya M'magazi: Mau Olankhulidwa ku Area 47

Kakuwawa ka mpiru wa m'madimba a ku Lingadzi kamachokera ku sulufa. Adyo nayenso ali naye. Mukamusinja, fungo lija ndi allicin, amene amasanduka ajoene. M'chaka cha 1998 akatswiri a ku Munich anathira ajoene pa maselo a khansa ya m'magazi. Maselowo anadzaza ndi okosijeni waululu mpaka kudzipha okha. Sulufa wa mu mpiru uja amamaliza glutathione, chishango cha selo.

Komatu tamvetsani, izi zinachitikira m'kambale ka galasi, osati m'thupi la munthu. Mwana akayera m'manja, akamatuluka magazi m'nkhama, thupi osaleka kutentha, musamusinjire adyo n'kumadikira. Thamangirani naye ku Kamuzu Central akamuyeze magazi.