Bandi yakuitana kukajambula: utchaja zingati?

Lero ndili ndekha, ndikuyankhula kuchokera m'chipinda changa ku Fereej Bin Omran, muno mu Doha. Mukamva kaphokoso kumbuyoku ndi AC, pepani, kuzimitsa sindingayerekeze.

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wina amene wangogula kamera yake yoyamba. Akuti bandi ina yamuitana kuti akaijambule ikuimba Lachinayi usiku, ndipo amufunsa kuti "utitchaja zingati?" Iye wangoti kakasi. Aise, ndakumva, chifukwa ine funso lomwelo linandigwetsa zaka zingapo zapitazo.

Koma tisanafike pa mtengo, pali nkhani ina imene ambiri amailumpha. Kuno ku Qatar QID yako imamangika kwa amene anakulemba ntchito. Zoona, kuyambira 2020 munthu akhoza kusintha ntchito popanda kalata ya NOC, koma zimenezo sizikutanthauza kuti ungamagwire maganyu olipidwa mmene ukufunira. Ntchito yapambali imafuna chilolezo. Ndiye funsa kaye kuntchito kwako komanso ku Ministry of Labour. Ine ndinayamba mosadziwa, ndinadzakonza pambuyo, ndipo sindikulimbikitsa aliyense kudutsa njira imeneyo. Ndalama ya usiku umodzi siyingafanane ndi visa yako.

Tsopano nkhani yanga. Bandi yoyamba kundilipira inali ya anyamata a ku Kenya ndi ku Uganda, ankaimba pa hotelo ina. Mtsogoleri wawo anandifunsa mtengo, ine ndinati 100 riyal. Ndinachita kunena monyadira! Mukudziwa chifukwa chake? M'mutu mwanga ndinali nditasintha kale ndalamayo kukhala makwacha. Iyi ndiye nthenda yathu ife a kunja. Riyal inamangidwa ku dola, 3.64 pa dola imodzi, pamene kwacha imangotsika. Mukukumbukira mu November 2023 itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndiye ndalama iliyonse ya kuno ukaitembenuza imamveka ngati chuma. Koma lendi ya ku Bin Omran sulipira makwacha. Batire la kamera sugula ku Limbe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndinakwera Metro, Green Line, 2 riyal basi. Pobwerera kunali kutada kwambiri, ndili ndi chikwama cha zida, ndinakwera takisi. Mayendedwe ndi kachakudya zinadya pafupifupi 40 riyal. Zatsala 60. Nthawi: ola limodzi panjira, maola atatu pamalopo, kenako maola asanu pa kompyuta. Eya, asanu. Amene sanajambulepo bandi amaganiza kuti ntchito imathera pa kudina batani. Magetsi a pa siteji amasinthasintha, pena ofiira, pena obiriwira, nkhope ya woimba imatuluka ngati chilombo. Woimba ng'oma amakhala kumbuyo mumdima, ndipo sakhazikika. Pa zithunzi mazana asanu ndi atatu, zabwino zimapezeka mwina makumi atatu, ndipo chilichonse chimafuna kuchikonza khungu ndi kuchotsa timadontho tobwera chifukwa cha mdima.

Ndiye maola asanu ndi anayi, 60 riyal. Sizikufika ngakhale 7 riyal pa ola. Yerekezani ndi malipiro otsikitsitsa a kuno, amene anayamba kugwira ntchito mu March 2021: 1,000 riyal pamwezi, kuphatikiza 500 ya nyumba ndi 300 ya chakudya ngati bwana sakupereka. Zonse 1,800. Mukagawa ndi maola a mwezi, pa sabata ya maola 48, zikupitirira 8 riyal pa ola. Kutanthauza kuti ine, ndi kamera yanga yogula ndi ndalama zosunga miyezi isanu ndi itatu, ndinadzilipira ndekha zochepera pamenepo. Ndipo sindinawerengere kutha kwa kamera, Lightroom yolipira mwezi ndi mwezi, ndi ma memory card.

Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalamayo ayi. Patapita milungu itatu ndinaona chithunzi changa pa chikwangwani cha hotelo ija, akutsatsira usiku wa nyimbo. Dzina langa palibe. Nditafunsa mtsogoleri wa bandi, anati, "Tinakulipira kale, m'bale." Ndipo kunena zoona sindikanamutsutsa, chifukwa sitinagwirizanepo kalikonse. Ndinangotumiza zithunzi zonse pa WhatsApp ngati ndikutumiza za ukwati wa msuweni.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti pali zinthu ziwiri zimene ukugulitsa: nthawi yako, ndi chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzicho. Bandi kuika pa Instagram ndi nkhani ina. Hotelo kutsatsira malonda, kapena bandi kuika pa chikuto cha nyimbo pa Spotify, ndi nkhani inanso, ndipo ili ndi mtengo wake. Oimba amazidziwa bwino zimenezi. Kwathu amapita ku COSOMA kukadandaula nyimbo yawo ikaseweredwa popanda kulipidwa. Ndiye ukawafotokozera m'chilankhulo chomwecho, kuti chithunzi ndi ngati nyimbo, ambiri amamva.

Panopa ndimachita chonchi, ndipo awa ndi manambala anga, osati lamulo. Bandi ikuimba, maola osapitirira atatu, zithunzi 25 zokonzedwa bwino, zoika pa masamba awo a pa intaneti: 450 riyal. Kujambula kwa padera, koti tipite kwinakwake avale bwino tipange zithunzi zotsatsira, ndimayambira 600, chifukwa pamenepo ndimakhala ndikuwongolera anthu asanu amene aliyense akufuna aime kutsogolo. Hotelo ikafuna chithunzi, ilankhule ndi ine. Theka la ndalama ndilandire tsiku lisanafike, theka linalo ndisanatumize zithunzi. Zonsezi ndimalemba mu uthenga umodzi, iwo ayankhe kuti "tavomera". Basi. Sipafunika loya.

Iwe amene ukungoyamba, mwina 450 ikuopsa. Palibe vuto, yambira pansi pang'ono, 250 kapena 300. Koma unene poyera kuti uwu ndi mtengo woyambira, wa ulendo uno wokha. Ukapanda kunena, mtengo woyamba umasanduka dzina lako. Mu Doha mabandi amadziwana, a ku Philippines, a ku Africa, ngakhale makwaya a ku matchalitchi a ku Mesaimeer. Mawa lake udzangomva kuti "uja wa handiredi uja".

Nanga akati alibe ndalama, koma akutchula dzina lako kuti udziwike? Ine sindikana nthawi zonse. Ngati bandiyo ikuimba mwaulere, pa zachifundo kapena kutchalitchi, ndipo ine ndikufuna zithunzi zoonetsa anthu, ndimapita, koma ndimasankha ndekha zithunzi zoti ndipereke, khumi zokha. Koma ngati pakhomo akulipiritsa, woimba gitala walandira, wa zokuzira mawu walandira, ndiye wojambula yekha adye kutchulidwa? Ayi. Akati mtengo wakwera, usatsitse mtengo wokha, chepetsa katundu. Ola limodzi m'malo mwa atatu, zithunzi khumi m'malo mwa 25.

Chinthu chimodzi chomaliza, cha kuno makamaka. Samala ndi anthu oonerera. Mu 2025 Qatar inakhwimitsa lamulo pa kufalitsa zithunzi za anthu popanda chilolezo chawo, ndipo chilango chake chikhoza kufika chaka m'ndende kapena 100,000 riyal. Lozetsa kamera ku siteji. Ukafuna kuonetsa kuti kunadzaza, jambula kuchokera kumbuyo, mitu ndi manja basi, nkhope ayi.

Bandi ija ya chikwangwani inadzandifunanso patatha miyezi inayi. Ndinawauza 450, theka patsogolo. Foni inakhala chete masiku awiri, ine mtima uli m'mwamba, ndikudziuza kuti ndadzitayitsa. Tsiku lachitatu analemba kuti ali ndi 350 yokha. Tinagwirizana maola awiri ndi zithunzi 18, ndipo dipoziti inalowa madzulo omwewo. Aise wa Lachinayi, ukabwerako utilembere kuti unatchaja zingati ndipo anayankha chiyani, tidzawerenga pa pulogalamu ikubwerayi.