Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Zanyengo, 23 March



Wilbur Wright ndi mng'ono wake Orville asanaulutse ndege yawo, anayamba alembera kalata ofesi ya zanyengo ya dziko la America kufunsa malo omwe mphepo imawomba mosadukiza. Yankho lake ndilo linawafikitsa ku Kitty Hawk. Pa 17 December 1903 ndegeyo inakhala m'malere masekondi 12 okha, mtunda wa mamita 37, italunjika kochokera mphepo. Mpaka lero ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Ndiye inu a zanyengo musamadzione ngati alendo pabwalo la ndege. Munalipo ndege isanadzuke.

Ntchito yanu saiona ambiri. Mu October, dzuwa likamaswa mtengo ku Lumbadzi, mpweya umapepuka, mapiko sagwira msanga, ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Woyendetsa amadziwa katundu yemwe angasenze powerenga manambala omwe wina wa inu walemba ataima padzuwa pomwepo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ine ndi chifunga. Pa 27 March 1977, pachilumba cha Tenerife, ndege ya KLM inayamba kuthamanga kuti inyamuke, ya Pan Am ikadali mumsewu womwewo. Oyendetsa sankaonana, a pansanja sankaona ndege ngakhale imodzi. Anthu 583 anafa. Ife Amalawi nkhani yotereyi sitichitanso kumvera kwa ena. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali inalephera kutera ku Mzuzu nyengo itaipa, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Tinataya Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anzathu ena asanu ndi atatu. Aliyense amene anadutsapo pa Viphya mwezi wa June akudziwa mmene chifunga chimatsikira kumeneko: mitengo ya paini ili apa, kuphethira kamodzi yasowa.

Choncho ndili ndi pempho. Kwa akuluakulu osunga chuma, mabwalo ang'onoang'ono monga a Mzuzu, Karonga ndi Likoma akhale ndi zipangizo zoyezera nyengo zamoyo, ndi anthu ozikonza zikawonongeka. Kwa inu ophunzira, tsiku lina mudzaona mitambo yakuda itaunjikana, bwana wamkulu ali pakhomo akuyang'ana wotchi. Mudzanene zomwe mwaona, osachotsera ngakhale pang'ono.

Ndipo ife apaulendo, chiperoni chikaphimba Chileka n'kumva kuti ndege ichedwa, tisamakalipire mwana wa eni ake wa pakauntala. Pali wina kuseri amene wasuzumira kunja, wayeza, n'kunena kuti dikirani kaye.