Mphunzitsi Ntara ndi Mbiri ya Makolo Athu

Mawu amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa pa Mtengowanthenga

Lero sindinabwere ndi nkhani ya makadi kapena ya zopereka ayi. Ndifuna kukuuzani za mphunzitsi mmodzi wa kuno kwathu m'Chigawo cha Pakati, ndipo ndikatha ndidzakupemphani kanthu.

Dzina lawo linali a Samuel Yosia Ntara, ena amalemba Nthara. Anabadwa m'chaka cha 1905. Nthawi imeneyo Mishoni ya a Dutch inali itakhazikika kale m'mapiri athu ano, pakuti a Murray ndi a Vlok anafika pa Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889, a Blake anayamba pa Kongwe mu 1894, ndipo pa Nkhoma panatsegulidwa mu 1896. Kuchokera pa malo amenewa ankatumiza anyamata m'midzi kukatsegula masukulu, nyumba imodzi yofolera ndi udzu, pakati pa sabata sukulu, Lamulungu tchalitchi. A Ntara anaphunzira m'masukulu a Mishoni imeneyi, nakhala mphunzitsi wake.

Tsono mu 1932 bungwe lina la ku London loona za zilankhulo za mu Africa linachititsa mpikisano wolemba mabuku m'zilankhulo zathu. Mphunzitsi uyu, ali ndi zaka 27 zokha, analemba m'Chinyanja nkhani ya munthu wotchedwa Nthondo, kuyambira tsiku lobadwa kufikira tsiku la maliro ake, ndipo anapambana. Bukulo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira a Cullen Young, amene anali wa Mishoni ya Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, ndipo mawu oyamba anawalemba a Julian Huxley, katswiri wodziwika wa sayansi ku Mangalande. A Young omwewa ndiwo anadzagwirizana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda kutulutsa buku la Our African Way of Life mu 1946. Taganizani, abale anga, Azungu a ku London kuwerenga za mudzi wa Achewa monga anaufotokoza munthu wogwira choko.

Koma buku limene ine ndilikonda kopambana ndi lina, la mu 1949, lotchedwa Msyamboza. Ili likhudza ife ndithu, pakuti Msyamboza sanali munthu wopeka. Anali mfumu ya pa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe, ndipo ena mwa inu muli ndi abale kumeneko. Anakhala ndi moyo m'masiku oopsa a nkhondo za Angoni, anasaka njovu nachita malonda a minyanga, analima tirigu wothirira anzake asanaziganize, ndipo atakalamba analandira Mishoni. Anamwalira mu 1926. Werengani bwino zakazo: kuchokera 1926 kufika 1949 ndi zaka 23. A Ntara anapeza anthu amene anamuona Msyamboza ndi maso akali moyo, nakhala nawo pansi, nawafunsa, nalemba. Akadazengereza zaka zina makumi awiri, akadapeza manda okhaokha, ndipo lero dzina la Msyamboza likadakhala ngati maina ena aja timangowamva pa milandu osadziwa kuti mwini wake anali wotani.

Sindinena kuti zonse za m'bukumo tingozimeza. A Ntara anali wantchito wa Mishoni, ndipo mabuku awo oyamba anatuluka m'makina a Mishoni. Pamene afotokoza kuti Msyamboza analetsa nyau m'mudzi mwake, mumva kuti wolembayo ali mbali iti. Akuluakulu a kudambwe akadaifotokoza mwina nkhani imeneyo. Koma iwo sanalembe, ndipo amene anali ndi pensulo ndiye amveka kufikira lero.

Analembanso Mbiri ya Achewa pamene nkhondo yachiwiri inali kutha, m'mene muli za Kalonga, za Undi, za Aphiri ndi Abanda, ndipo bukulo linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Anamwalira m'zaka zomwezo za m'ma 1970.

Tsono ndikuuzeni chifukwa chake nkhaniyi indiwawa ine. Agogo anga aamuna, obereka amayi, analinso mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, kumapiri a Ntchisi. Anali mkamwini, anachoka kwawo nakakhala kwa agogo aakazi monga mwa mwambo wathu. Atamwalira anasiya bokosi lachitsulo. Ine nditabwera kuchokera ku sukulu ya aphunzitsi ndinalitsegula, ndi mtima wakuti ndipezamo mbiri ya banja lathu. Ndinapezamo kaundula wa sukulu, theka lake atadya chiswe, maina a ana a eni ake olembedwa bwino lomwe, amene anabwera ndi amene anajomba, tsiku ndi tsiku. Za iwo eni munalibe ngakhale mzere umodzi. Munthu anatha moyo wake wonse akulemba, koma sanalembe dzina la amayi ake, kapena mudzi umene anachokera. Ndipo ine sindingawadzudzule, pakuti anakhala nafe zaka zambiri ndili mnyamata wodziwa kale kulemba, koma sindinawafunse.

Mungati ndi chisoni chabe cha mdzukulu. Ayi. Inu mafumu mudziwa bwino zimene zichitika pabwalo. Ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo munda ndi ufumu zitsata mbumba. Chaka chatha banja lathu linali ndi mlandu wa dimba. Atatifunsa kuti anayamba kulima pamenepo ndani, tinatchula agogo aakazi, tinatchula amayi awo, pamenepo tinaima. Anzathu aja anatchula mibadwo isanu osapunthwa, chifukwa anabwera ndi agogo awo okalamba amene asunga zonse m'mutu. Dimbalo linapita. Sindidandaula ndi chiweruzocho, koma ndifunsa: agogo amenewo akadzatisiya, anzathuwo adzatchula mibadwo ingati?

Pempho langa ndi ili. Ndagula makope khumi ndi ndalama zanga, ndipo ali pano pa tebulo. Mudzi uliwonse wa m'nthambi yathu utenge limodzi, ndi kusankha mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba bwino. Apite kwa okalamba, makamaka amayi, pakuti iwo ndiwo adziwa za mbumba. Afunse motere: Anakuberekani ndani? Nanga iwowo anawabereka ndani? Anachokera mudzi uti, ndipo anachokeranji? Mfunda wawo ndi chiyani? Anaikidwa kuti? Mwini mbumba anali yani? Alembe monga momwe alankhulira agogowo, asakonze mawu awo, ndipo agogo awiri akatsutsana alembe zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la wonenayo. Wa kutchalitchi ndi wa kudambwe afunsidwe chimodzimodzi. Ndipo musapite chimanjamanja, kamchere kapena kasopo sikalakwika.

Makopewo mubwere nawo pa msonkhano wa mwezi wa mawa, ndipo ine ndidzawakopera m'buku limodzi lalikulu, ndi kubweza lililonse kwa mfumu yake. Amene alibe wowalembera andione tikatuluka, ndidzabwera ndekha panjinga Loweruka.