Chipongwe chimabisala m'timawu ting'onoting'ono

Lero tikambirane za kunyozana. Musadandaule, zolaula sinditchula ayi. Ndikungofuna tione mmene chipongwe chimamangidwira m'Chichewa chathuchi.

Tiyambe ndi "chi" ndi "ka". Mukati "mnyamata uja wabwera", palibe angakwiye. Tsono nenani kuti "chimnyamata chija chabwera". Mwamva? Chiganizo chonse chatsatira "chi", ndendende mmene timanenera kuti "chingwe chija chaduka". Mnzanuyo mwamuchotsa m'gulu la anthu, mwamuika pamodzi ndi zinthu. "Ka" ndiye amachepetsa. "Aphunzitsi aja" akasanduka "kamphunzitsi kaja", ulemu wonse wathera pomwepo. Chimodzimodzinso "amayi ako" ndi "mako". Munthu ndi yemweyo, koma liwu lachiwirilo laswetsa anthu mitu pabwalo la mpira.

Kenako pali "ngati". Ukati "ukudya ngati galu", ukudzudzula kadyedwe, ndipo kadyedwe munthu atha kusintha. Ukachotsa "ngati" n'kunena kuti "galu iwe", sukudzudzulanso khalidwe. Wamulanda umunthu basi.

Komatu mawu paokha satukwana, zimatengera wanena ndani. Msuweni wako akhoza kukutcha mbuzi pamaso pa anthu, nonse n'kuseka, poti chisuweni chimalola. Mayi akamati "kamwana kanga" ndi chikondi chokhachokha. Nkhope, kamvekedwe ka mawu ndi ubale ndi zomwe zimatiuza kuti apa ndi nthabwala.

Vuto ndi ili: pa Facebook ndi pa WhatsApp nkhope sioneka, kuseka sikumveka. Mawu amayenda okha mpaka kwa anthu osadziwa za chisuweni chanucho. Ndipo dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limalanga ozunza anzawo pa intaneti.

Nkhaniyi si yamasewera. Mu 2016 bungwe la Amnesty International linanena kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi muno kuyambira mu Novembala 2014. Munthu ukazolowera kumuitana ndi dzina lomunyoza, imfa yake siikupwetekanso kwenikweni. N'chifukwa chake timati "munthu wachialubino". Liwu loti "munthu" lizikhala patsogolo.

Choncho musanatumize uthenga, uwerengeninso. Amene mukumunenayo akadali "uja", kapena wasanduka "chija"?